Madzi amadutsa pati polowa m'selo?

Masiku ano kuli malonda ambiri a madzi a m'mabotolo ndi makina osefera madzi amene amalonjeza kuti madzi awo ndi ogawidwa m'timagulu ting'onoting'ono, ndiye eti amalowa m'maselo a thupi mofulumira kuposa madzi wamba. Amene anaphunzira sayansi kusukulu amakumbukiranso yankho lalifupi lija, loti madzi amangolowa okha mwa osimosisi. Mayankho onse awiriwa amalambalala funso lenileni: madziwo amadutsa pati, amadutsa ochuluka bwanji pa sekondi, ndipo n'chiyani chimaletsa mchere kulowa nawo limodzi?

Funsoli ndi la akatswiri a biophysics, nthambi ya sayansi imene imayeza zinthu zamoyo ndi zida komanso malamulo a fizikisi. Alimbana nalo kwa zaka zoposa 120. Kupeza njira za madzi kunawatengera nthawi, koma chimene chawasautsa kwambiri ndi kuyeza liwiro lake molondola. Nambala zambiri zimene zinalembedwa kuti ndi za khungu la selo zinadzapezeka kuti zinali za madzi ongoima pambali pake.

Nembanemba ya selo

Selo lililonse, kaya la munthu, la mbewu kapena la bakiteriya, lakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kotchedwa nembanemba. Kuchindikala kwake ndi pafupifupi mananomita 5, ndipo nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. Pangafunike nembanemba 200,000 zosanjikizana kuti zikwane milimita imodzi.

Nembanembayi imapangidwa ndi mamolekyu a mafuta otchedwa lipid. Molekyu iliyonse ili ndi mutu wogwirizana ndi madzi ndi michira iwiri yosagwirizana nawo. Akakhala m'madzi, mamolekyuwa amandanda okha m'mizere iwiri, mitu kunja, michira kuloza mkati. Evert Gorter ndi François Grendel a ku Leiden ndi amene ananena mu 1925 kuti mizereyi ndi iwiri, atayala mafuta ochotsedwa m'maselo ofiira a magazi n'kuyeza malo amene anadzaza. Pakati pa nembanemba pali mafuta okhaokha, ochindikala pafupifupi mananomita 3, ndipo m'mafutamo muli mapuloteni oyandama, ena oboola mbali zonse ziwiri.

Choncho chinthu chofuna kulowa m'selo chili ndi njira ziwiri zikuluzikulu: kuwoloka mafutawo, kapena kudzera m'puloteni.

Njira yoyamba: kusungunuka m'mafuta

Pakati pa 1895 ndi 1899, Charles Ernest Overton wa ku Zürich anayesa mankhwala mazanamazana pa maselo a zomera ndi a nyama. Anapeza kuti chinthu chikamasungunuka bwino m'mafuta, chimalowanso msanga m'selo. Lamulo limeneli likugwirabe ntchito, ndipo masiku ano limalembedwa motere: P = K × D ÷ d. P ndi kadutsidwe ka chinthucho, ndipo amayezedwa ngati liwiro, masentimita pa sekondi. K akusonyeza mmene chinthucho chimakondera mafuta poyerekeza ndi madzi, D ndi kufulumira kwake poyenda mkati mwa mafutawo, ndipo d ndi kuchindikala kwa nembanemba. Kuchindikalaku sikusiyana kwenikweni pakati pa maselo, D amasinthako pang'ono, koma K amasiyana kuwirikiza mamiliyoni. Nkhani yonse yagona pa K.

Okosijeni, mowa ndi mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni zimawoloka mosavuta. Shuga wa glucose, amene ndi wamkulu ndipo amamatirira madzi mbali zonse, sawoloka n'komwe popanda puloteni yomunyamula. Ovutika kwambiri ndi maayoni, tizidutswa ta mchere tokhala ndi mphamvu ya magetsi, monga sodiyamu ndi potaziyamu. M'madzi, ayoni imazunguliridwa ndi mamolekyu a madzi amene amaikhazika mtima pansi, ndipo kuti ilowe m'mafuta iyenera kuwasiya. Adrian Parsegian anawerengera mu 1969 kuti mphamvu yofunika pamenepo ndi pafupifupi makilokalori 40 pa mole (mole ndi muyezo wa chiwerengero cha mamolekyu kapena maayoni), yochuluka kwambiri moti kadutsidwe ka sodiyamu m'mafuta okhaokha n'kochepa kuposa ka madzi kuwirikiza nthawi zoposa biliyoni.

Madzi enieniwo ali pakatikati. Sakonda mafuta, koma molekyu yake ndi yaing'ono ndipo ilibe mphamvu ya magetsi yotsalira, choncho imapeza mipata pamene michira ya mafuta ikugwedezeka. Kadutsidwe kake m'nembanemba yopanda puloteni kamakhala pakati pa masentimita 0.001 ndi 0.01 pa sekondi, malinga ndi mtundu wa mafuta. Mitu ya mafutawo ikathithikana, madzi amachepa. Cholesterol amatseka mipata, n'chifukwa chake nembanemba zokhala ndi cholesterol wambiri zimalola madzi ochepa.

Mankhwala ambiri amene timamwa ali ndi nkhope ziwiri, ina yokhala ndi mphamvu ya magetsi, ina yopanda, ndipo amasinthasintha malinga ndi kuchuluka kwa asidi pamalo pamene ali. Nkhope yopanda magetsi yokha ndi imene imawoloka mafuta. Chloroquine ndi chitsanzo chabwino. Amalowa m'selo lofiira, n'kulowanso m'kachilombo ka malungo, mpaka m'kathumba kake kogayira chakudya. Mmenemo muli asidi, pH yake (muyezo wa asidi) ili cha m'ma 5, ndipo mankhwalawo amatola mapulotoni awiri, tizidutswa ta asidi tosiyana ndi mapuloteni, n'kukhala ndi magetsi. Kutuluka sangathenso, ndiye amaunjikana mpaka kupha kachilomboko. Tizilombo tosamva chloroquine tili ndi puloteni yosinthika ya PfCRT pa nembanemba ya kathumbako, imene imatulutsa mankhwala otsekeredwawo.

Chimene chimakankha madzi

Selo lilibe pampu ya madzi. Limasuntha mchere, madzi n'kutsatira okha, kuchoka kumene zosungunuka zili zochepa kupita kumene zili zambiri. Osimosisi ndi imeneyi. Kuchuluka kwa zosungunukazo kumayezedwa m'mamiliosimo, ndipo madzi a m'magazi a munthu ali ndi pafupifupi 290 pa kilogalamu.

Mphamvu yake si yamasewera. Pa kutentha kwa thupi, kusiyana kwa miliosimo imodzi yokha kumakankha madzi ndi mphamvu yofanana ndi mamilimita 19 a mercury, muyezo womwe uja wa kuthamanga kwa magazi. Selo lofiira likaikidwa m'madzi opanda mchere, kusiyana konse kwa 290 kumapereka mphamvu yoposa 5,000, pamene mtima wa munthu wathanzi umafika cha m'ma 120. Selolo limafufuma n'kuphulika. N'chifukwa chake dilipi ya madzi a mchere imakhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita, osati madzi okhaokha.

Umboni wa ngalande zisanaoneke

Kuwoloka mafuta kukanakhala njira yokhayo, maselo onse akanalola madzi mofananirako. Koma maselo ofiira ndi a m'timachubu ta impso amalola madzi ochuluka kwambiri, pamene mazira a chule amakhala m'dziwe osaphulika.

Mu 1957, gulu la Arthur Solomon ku Harvard linayeza maselo ofiira m'njira ziwiri. Poyamba anaika madzi okhala ndi chizindikiro, a haidrojeni wolemera wotchedwa tritium, n'kuona mmene amasakanikirana ndi madzi a m'selo popanda kusiyana kwa mchere. Nambala imeneyi imatchedwa Pd. Kenako anasiyanitsa mchere n'kuyeza madzi oyenda mwa osimosisi, nambala yotchedwa Pf. Ngati molekyu iliyonse ikuwoloka mafuta payokha, nambala ziwirizi ziyenera kufanana. Anapeza kuti Pf inali yoposa Pd kuwirikiza kawiri ndi kuposerapo.

Chifukwa chake chimamveka tikaganiza za anthu asanu amene andanda m'kanjira kopapatiza moti wina sangapitirire mnzake. Munthu mmodzi akalowa kumbuyo, mmodzi amatuluka kutsogolo nthawi yomweyo, ndipo wowerenga anthu otuluka amalemba mmodzi. Umu ndi mmene Pf imawerengera. Koma ngati tikudikira munthu wovala malaya ofiira amene wangolowa kumene, mzere uyenera kusuntha kangapo kulowera mbali imodzi kuti iye atulukire, chonsecho mzerewo umabwereranso m'mbuyo nthawi zina. Imeneyo ndiyo Pd. Masamu ake amasonyeza kuti Pf ikagawidwa ndi Pd imapereka chiwerengero cha mamolekyu a mumzere kuwonjezerapo chimodzi. Paul Rosenberg ndi Alan Finkelstein a ku New York anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi mu 1978 pa gramicidin, kapuloteni ka bakiteriya kamene kamaboola nembanemba, ndipo anapeza nambala ya pafupifupi 5.

Panalinso maumboni ena awiri. Madzi owoloka mafuta amafulumira kwambiri kukatentha, chifukwa amafuna mphamvu yoyambira yoposa makilokalori 10 pa mole. M'maselo ofiira mphamvuyi inali cha m'ma 4 kapena 5, yofanana ndi ya madzi oyenda m'madzi anzawo. Ndipo mu 1970, Robert Macey ndi Robert Farmer a ku Berkeley anaonetsa kuti mankhwala a mercury amachepetsa madzi odutsa m'maselo ofiira ndi pafupifupi 90 peresenti, ndipo mankhwalawo akachotsedwa madzi amayambiranso. Mercury amamatirira ku sulfure wa m'mapuloteni. Ngalandeyo inayenera kukhala puloteni.

Kupezeka kwa aquaporin

Gheorghe Benga wa ku Cluj-Napoca, m'dziko la Romania, analoza mu 1986 mapuloteni a m'maselo ofiira amene mercury amamatirirako, n'kunena kuti ngalande ya madzi ili pakati pawo. Koma amene anaipatula n'kuitsimikizira ndi gulu la Peter Agre ku Johns Hopkins. Iwo sankafuna ngalande ya madzi n'komwe. Ankafufuza puloteni ya gulu la magazi la Rh, ndipo mu 1988 anapeza puloteni ina yosadziwika, yochuluka zedi, pafupifupi 200,000 pa selo lofiira lililonse, imene inalinso yambiri mu impso. John Parker wa ku North Carolina ndi amene anamuuza Agre kuti mwina ndi ngalande ija anthu akhala akuifuna.

Kuyesa kwake, kumene kunasindikizidwa mu 1992, kunali kosavuta kumva. Anatenga mazira a chule wa Xenopus, amene mwachibadwa salola madzi ambiri. Ena anawabaya RNA yonyamula malangizo opangira puloteniyo, ena anangowabaya madzi. Patatha masiku angapo anawachotsa m'madzi a mamiliosimo 200 n'kuwaika m'madzi a 70. Obayidwa RNA aja anafufuma n'kuphulika m'mphindi zochepa, enawo anangokhala. Chaka chomwecho Mark Zeidel ndi Agre anaika puloteni yoyeretsedwa m'timatumba ta mafuta okhaokha, kuti pasakhale wonena kuti puloteniyo imangotsegula ngalande ina ya chuleyo, ndipo anawerengera kuti ngalande imodzi imadutsitsa mamolekyu a madzi pafupifupi 3 biliyoni pa sekondi. Dzina loti aquaporin linabwera mu 1993. Agre analandira mphoto ya Nobel mu 2003 pamodzi ndi Roderick MacKinnon, amene anaonetsa kapangidwe ka ngalande ya potaziyamu, ndipo akatswiri ena anadandaula kuti ntchito ya Benga sinatchulidwe mokwanira.

Munthu ali ndi mitundu 13 ya aquaporin, kuyambira AQP0 mpaka AQP12, ndipo ya Agre ija ndi AQP1. Zomera zili ndi yambiri kuposa pamenepo: kachitsamba ka Arabidopsis, kamene amakonda kuyesera m'malabotale, kali ndi 35.

Mkati mwa ngalande

Kapangidwe ka AQP1 kanaoneka bwino mu 2000 ndi 2001. Mapuloteni anayi amakhala pamodzi, koma iliyonse ili ndi bowo lakelake, lotambalala kukamwa konse kuwiri ndi lopapatiza pakati. Malo opanikiza kwambiri ali chakunja kwa selo, ndipo m'mimba mwake ndi mananomita 0.28, pafupifupi kukula kwa molekyu imodzi ya madzi. Pambali pa malowa pali chidutswa cha puloteni chotchedwa cysteine 189, pamene mercury amamatirira n'kutseka njira.

Apa nkhani ya timagulu ta madzi imayankhika. Mamolekyu a madzi amagwiranadi, kudzera m'timalumikizo ta haidrojeni, koma timalumikizoti timaduka ndi kulumikizikanso pafupifupi ka 1 thiriliyoni pa sekondi. Kagulu kalikonse kamene kangapangidwe m'botolo sikangakhalitse mpaka kufika pakamwa. Ndipo pa ngalande, madzi amalowa molekyu imodzi imodzi mumzere, kaya anachokera kuti.

Chovuta kumvetsa si kuletsa zinthu zazikulu, poti sizikwana. Chovuta ndi pulotoni, kachidutswa kochepetsetsa ka asidi. Pulotoni siyenda ngati ayoni zina. Imadumpha kuchoka pa molekyu ya madzi kupita pa ina motsatira mzere wa timalumikizo, monga anaganizira Theodor Grotthuss mu 1806, ndipo mu gramicidin imadutsadi motero mwaliwiro. Aquaporin ikanalola zimenezi, mabakiteriya ndi zomera, zimene zimasunga mphamvu zawo mwa kuunjika mapulotoni mbali imodzi ya nembanemba, zikanataya mphamvuyo yonse. Koma siilola. Pakati pa bowo pali zidutswa ziwiri za asparagine zimene zimagwira molekyu ya madzi n'kuitembenuza, moti madzi a kumtunda kwa bowo ndi a kumunsi amayang'ana mosiyana. Pamalo opanikiza paja palinso arginine, wokhala ndi magetsi ofanana ndi a pulotoni, amene amaikankha. Akatswiri oyerekezera zinthu pakompyuta anatsutsana zaka zingapo za chimene chili chachikulu pa zimenezi, ndipo gulu la Arieh Warshel linatsindika kuti pulotoni imalephera makamaka chifukwa m'bowo mulibe madzi okwanira kuizungulira.

Ma aquaporin ena ali ndi bowo lotambalalako pang'ono ndipo amalola glycerol ndi urea. AQP3 ya pakhungu ndi imodzi mwa amenewa. M'mizu ya mpunga muli Lsi1, imene imalowetsa silicon, koma imalowetsanso poizoni wa arsenic ngati ali m'madzi a m'munda.

Kuyeza, ndi pamene zimasokonekera

Pali njira zitatu zodziwika kwambiri, ndipo iliyonse ili ndi msampha wake.

Njira ya mazira a chule ndi yophweka: dzira la milimita imodzi ndi pang'ono limajambulidwa pamene likufufuma, kukula kwake n'kuwerengedwa. Koma khungu la dziralo ndi lamakwinya, lalikulu kuposa mmene limaonekera, ndipo madzi olowa amasungunula za mkati pafupi ndi khungu asanafike pakati. Mankhwala amene amadwalitsa dzira amathanso kuchedwetsa kufufuma popanda kukhudza ngalande.

Njira yachiwiri imagwiritsa ntchito timatumba ta mafuta, tosefedwa m'mabowo a mananomita 100 kuti tifanane kukula. Makina amatisakaniza ndi madzi a shuga wambiri m'kanthawi ka mamilisekondi ochepa, timanyala, ndipo kuwala kumene timamwaza kumasintha. Timatumba tikasiyana kukula, tating'ono timanyala msanga n'kusokoneza mzere wa zotsatira. Tina timakhala topanda puloteni n'komwe. Sopo amene anagwiritsa ntchito pochotsa puloteni m'selo akatsalira, nembanemba imadontha. Koposa zonse, kuti munthu anene liwiro la ngalande imodzi ayenera kudziwa kuti ngalande zilimo zingati, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankangoganiza kuti puloteni yonse imene anathira inalowa m'timatumba. Nthawi zambiri gawo lina limatayika. Ukagawa madzi odutsa ndi ngalande zimene kulibe, ngalande iliyonse imaoneka yaulesi.

Njira yachitatu, imene inayamba mu 1962 ndi Paul Mueller ndi Donald Rudin, ndi kuyala nembanemba yopanga pa kabowo ka pulasitiki pakati pa zipinda ziwiri za madzi. Apa msampha waukulu umaonekera poyera. Ngakhale utakasa madzi motani, pafupi ndi nembanemba pamatsala madzi oima, ochindikala mamaikulomita makumi angapo mpaka mazana (maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). M'madzi amenewa zinthu zimangoyenda mwa kumwazikana pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti ndi mamaikulomita 100. Kumeneko n'kuchindikala kuposa nembanemba kuwirikiza 20,000. Molekyu ya madzi imamwazikana ndi D wa pafupifupi 0.000023 masikweya sentimita pa sekondi, ndiye tikagawa ndi masentimita 0.01 timapeza kadutsidwe ka 0.0023, kofanana ndithu ndi ka nembanemba imene tikufuna kuyeza. Ndipo madzi oimawo ali mbali zonse ziwiri. Zotchinga zotsatizana zimaphatikizana, ndipo yolimba kwambiri ndi imene imalamulira nambala yotuluka.

Msampha umenewu unagwira anthu msanga. Oyamba kuyeza nembanemba zopanga anapeza Pf yoposa Pd, ngati kuti mafuta okhaokha ali ndi mabowo. Albert Cass ndi Alan Finkelstein anaonetsa mu 1967 kuti madzi oima ndi amene ankachedwetsa madzi a chizindikiro aja, ndipo atawachotsera m'masamu nambala ziwirizi zinafanana.

Pa osimosisi madzi oima amanyenga mwa njira ina. Madzi otuluka m'nembanemba amasungunula mchere mbali imene akupita, n'kuunjika mchere mbali imene akuchokera. Kusiyana kwenikweni pa nembanemba kumakhala kochepa kuposa kumene woyesa anathira m'zipinda.

Peter Pohl, katswiri wa biophysics wa pa Johannes Kepler University ku Linz, anasandutsa vuto limeneli kukhala chida. Gulu lake limatenga kachubu kagalasi kosongoka mpaka mamaikulomita ochepa, komva mtundu umodzi wa ayoni kapena asidi, n'kukasendeza pang'onopang'ono kulowera ku nembanemba, kukuyeza mchere pa sitepe iliyonse. Mchere umachepa mopindika pamene kachubu kakuyandikira, ndipo kupindikako kumadalira liwiro la madzi otuluka. Kuchokera pa mzere umodzi womwewo amapeza liwiro la madzi, kuchindikala kwa madzi oima, ndi mchere weniweni wa pa nembanemba. Pa ngalande zolola maayoni, monga gramicidin, amayezanso magetsi odutsa nthawi yomweyo, ndipo magetsiwo amawauza chiwerengero cha ngalande. Pa aquaporin, imene silola magetsi, amamata kachizindikiro kowala pa puloteni n'kuwerenga timatumba ndi mapuloteni todutsa pa kadontho ka kuwala kwa laser, timatumba tisanasungunulidwe ndi sopo komanso titasungunulidwa.

Atawerenga motere, ma aquaporin anapezeka othamanga kuposa mmene ankaganizira. Mu 2015 Andreas Horner, Pohl ndi anzawo anayerekeza ngalande zingapo: AQP1, AqpZ ndi GlpF za bakiteriya, ngalande ya potaziyamu ya KcsA, ndi gramicidin. Malamulo a madzi oyenda m'mapaipi amati bowo lalitali kawiri limachepetsa madzi ndi theka. M'ngalande za mzere umodzi sizinatero. Chimene chinagwirizana ndi liwiro chinali chiwerengero cha malo a m'khoma la bowo amene angagwire madzi ndi kalumikizo ka haidrojeni. Malo oterowo akachuluka, liwiro limatsika kwambiri, osati pang'onopang'ono. GlpF, imene khoma lake lili ndi malo ochepa ogwira madzi, inali yothamanga kuposa AQP1. Opanga nembanemba zosefera madzi a m'nyanja amaitsatira mfundo imeneyi mwachidwi, ngakhale kuti malo ogwira madzi omwewo ndi amene amathandiza kusankha cholowa ndi chotsala.

Mikangano imene ikadalipo

Kodi mpweya wa carbon dioxide umafuna ngalande? Lamulo la Overton likuti ayi, poti umasungunuka bwino m'mafuta. Koma mu 1998 gulu la Walter Boron linaona kuti mazira a chule okhala ndi AQP1 amachita asidi msanga akapatsidwa mpweyawu, ndipo gulu la Gerolf Gros ku Hannover linapeza kuti maselo ofiira opanda AQP1 amaulola mochepa. Mbali imeneyi imati nembanemba zenizeni, zodzaza ndi cholesterol ndi mapuloteni, n'zothina kuposa zopanga. Mbali inayo, gulu la Alan Verkman ku San Francisco silinapeze kusiyana m'mapapo a mbewa zochotsedwa jini ya AQP1, ndipo gulu la Pohl linanena mu 2008 kuti kadutsidwe ka mpweyawu m'mafuta n'koposa masentimita 3 pa sekondi. Ngati zili choncho, ngakhale madzi oima a maikulomita imodzi yokha amatchinga kuposa nembanemba, ndipo ngalande ilibe chowonjezera. Onse akuyeza chinthu chothamanga kwambiri kudzera m'kusintha kwa asidi, kumene kumadaliranso carbonic anhydrase, puloteni yofulumizitsa mpweyawu kusanduka asidi m'madzi, ndi mankhwala oletsa asidi kusintha amene ali m'madzimo. Kusiyana kwa zotsatira kumachokera kwambiri pamenepo.

Mkangano wina ukukhudza matumbo. Puloteni ya SGLT1 imalowetsa maayoni awiri a sodiyamu ndi molekyu imodzi ya glucose, ndipo madzi amatsatira. Ernest Wright wa ku Los Angeles ndi Thomas Zeuthen wa ku Copenhagen ananena kuti puloteniyi imanyamulanso madzi pa ulendo uliwonse, mamolekyu oposa 200. Jean-Yves Lapointe wa ku Montréal anayankha kuti shuga ndi mchere zimaunjikana mkati pafupi ndi nembanemba, ndipo madzi amangobwera mwa osimosisi wamba. Madzi oima aja abweranso. Pa chithandizo, mkanganowu susintha kanthu: madzi a ORS amagwira ntchito pa kolera chifukwa SGLT1 imapitiriza kugwira ntchito matumbo akamataya madzi. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa zosungunuka. Mu 2002 WHO ndi UNICEF anatsitsa ORS kuchoka pa mamiliosimo 311 kufika pa 245 pa lita, kuti asamakokere madzi m'matumbo.

M'thupi ndi m'chipatala

Impso zimasefa malita pafupifupi 180 patsiku, koma mkodzo umangokhala lita imodzi ndi theka. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a madziwo amabwerera m'magazi koyambirira kwa kachubu ka impso, kumene kuli AQP1 wambiri. Chigamulo chomaliza chimachitika kumapeto, m'chubu chosonkhanitsa mkodzo. Maselo a kumeneko amasunga AQP2 m'timatumba mkati mwawo. Munthu akasowa madzi, ubongo umatulutsa homoni ya vasopressin, imene imauza maselowo kuti alumikize timatumbato ku nembanemba yoyang'ana mkodzo. M'mphindi zochepa khoma losalola madzi limayamba kuwalola, amatulukira mbali ina kudzera mu AQP3 ndi AQP4, ndipo mkodzo umatha kufika mamiliosimo 1,200. Homoniyo ikatsika, ngalande zimabwezedwa mkati ndipo mkodzo umatha kutsika mpaka 50.

Dongosololi likawonongeka, munthu amakodza malita 10 kapena kuposa patsiku. Matendawa amatchedwa diabetes insipidus, ndipo sakhudzana ndi matenda a shuga. Mwa obadwa ndi mtundu wa mu impso, ambiri vuto lili pa puloteni yolandira uthenga wa vasopressin, ochepa lili pa AQP2 yeniyeniyo. Mankhwala a lithium, operekedwa pa matenda ena a maganizo, amachepetsanso AQP2 mwa anthu ambiri amene amawamwa nthawi yaitali.

Chodabwitsa n'chakuti pali anthu ochepa kwambiri obadwa opanda AQP1, odziwika chifukwa magazi awo alibe chizindikiro cha gulu la Colton, ndipo amakhala bwinobwino. Vuto linaoneka pokhapokha atawayesa powamana madzi: impso zawo sizinathe kusunga madzi mokwanira. Njira ya m'mafuta ija imakwanira maselo ambiri. Ngalande zimafunika pamene madzi ochuluka ayenera kuyenda msanga pa kusiyana kochepa kwa mchere, kapena pamene thupi likufuna kutsegula ndi kutseka.

Mu ubongo muli AQP4. Gulu la Vanda Lennon ku Mayo Clinic linapeza mu 2004 ndi 2005 kuti pa matenda a neuromyelitis optica, amene amawononga mitsempha ya maso ndi ya mumsana, chitetezo cha thupi chimaukira puloteni imeneyi, ndipo kuyeza magazi kofufuza zimenezi kunathandiza kuwasiyanitsa ndi matenda ena a mitsempha otchedwa multiple sclerosis. Kusintha kwa jini ya AQP0 kumayambitsa ng'ala yobadwa nayo.

Mankhwala otseka aquaporin akhala akufunidwa kwa zaka zambiri, makamaka ochepetsa kutupa kwa ubongo, koma ntchitoyi yayenda mwapang'onopang'ono. Bowo lake ndi lopapatiza, lopanda malo abwino oti mankhwala agwire, mercury ndi poizoni, ndipo mankhwala angapo amene anaoneka ngati akugwira ntchito pa mazira a chule analephera atayesedwa pa maselo ofiira kapena pa timatumba ta mafuta.

Kumene aquaporin yathandiza kale mankhwala ndi kwina, mosayembekezeka. Kachilombo koyambitsa matenda a kaodzera, Trypanosoma brucei, kali ndi aquaporin yake yotchedwa TbAQP2, imene ilibe arginine uja pamalo opanikiza. Mu 2012 gulu la David Horn linaonetsa kuti mankhwala a pentamidine ndi melarsoprol amadalira puloteni imeneyi kuti alowe m'kachilomboko. Jini yake ikatayika kapena kusakanikirana ndi ya TbAQP3 yoyandikana nayo, kachilomboko kamasiya kumva mankhwala onse awiri nthawi imodzi, ndipo kusintha kotereku kunapezekanso m'tizilombo totengedwa mwa odwala amene melarsoprol inalephera kuwachiza.